Dimba la mnzanga lili pansi pa nyanja ya Kariba

Anthu aja anabwera Lachiwiri pa galimoto yoyera, n'kumayendayenda m'minda ya kutsidya kwa dambo atanyamula kachipangizo ka miyendo itatu, ine ndinawaona. Maso angawa achita nkhungu, koma munthu woyeza malo ndimamudziwira patali, chifukwa amayenda osayang'ana mbewu. Ndiye poti mawa kuli msonkhano kwa amfumu, ndipo iwe mdzukulu wanga anakusankha kuti ukhale m'komiti yokambirana ndi alendowo za malo oyalapo magalasi a sola, sendera kuno ndikuuze zimene ndinaona ndili mnyamata. Enanu musachoke, khalani pamphasapo.

Magetsi ine ndimawafuna, zimenezo mudziwiretu. Usiku umene amalume anu aphunzitsi ankabadwa, koloboyi anatha mafuta azamba asanamalize ntchito, ndipo anachita kuunikira ndi muuni wa udzu m'nyumba ya udzu. Ndamva kuti ku Salima anayala magalasi a sola mu 2021 otulutsa mamegawati 60, ndipo ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino la Dedza, anayala ena chaka chotsatira. Akuti magetsi amenewa alibe utsi, sadya nkhuni, sadya malasha. N'zoona. Koma magetsi osadya malasha ine ndinawaonapo akubadwa, ndipo ndinaona chimene anadya m'malo mwa malashawo.

Inali nthawi ya Chitaganya, chija azungu anamanga mtolo umodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia mu 1953 ife tikukana. Mnyamata akangomera ndevu msonkho unkamudikira, pamene ndalama m'mudzi munalibe. Ena ankakwera Wenela kupita ku Joni, ena ankalembetsa kwa Mthandizi kupita ku Halale. Ine ndinalembetsa kwa Mthandizi mu 1957 ndili ndi zaka 19, ndikuyesa kuti ndikukathyola fodya pa famu ya mzungu. Lole inatipitirira nawo mafamu onse, n'kuyamba kutsika zitunda, kutsika, kutsika, mpaka mphepo yolowa m'lolemo inasanduka ngati mpweya wa mu uvuni wa njerwa. Kumeneko ndiye kunali ku Kariba.

Zambezi ndi mtsinje wotakata, koma pamalo amenewo unkapanikizika pakati pa mapiri awiri n'kumabangula. Anthu a kumeneko ankati dzinali likuchokera ku kariva. Riva m'Chishona ndi diwa lathu lomweli lotchera mbewa, ndiye Kariba ndi kadiwa. Ife antchito akuda tinkagona pansi kukomboni ya Mahombekombe, azungu ankagona pamwamba pa phiri pamene pankapita kamphepo. Dzuwa likafika paliwombo sipanala sinkagwirika, tinkachita kuiviika m'ndowa ya madzi. Ntchito inali ya usana ndi usiku. Simenti inkachokera ku Chilanga, kufupi ndi Lusaka, ndipo konkire inkayenda m'mwamba m'zidebe zikuluzikulu zolendewera pa zingwe zachitsulo zomangidwa kuchokera phiri ili kufika phiri ilo. Omanga anali Ataliyana, wojambula khomalo anali Mfalansa, André Coyne. Ife tinali a fosholo ndi wilibala.

Chimene ankamangira damulo tinachimva pang'onopang'ono. Migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia inkafuna mphamvu zambiri. Malasha a ku Wankie ankabwera pa njanji imodzi ndipo sankakwana, moti nthawi zina migodi inkasonkhera nkhuni, nkhalango n'kumatha. Mafakitale a ku Salisbury ndi Bulawayo nawo ankafuna magetsi. A kumpoto ankafuna damu pa mtsinje wa Kafue, koma boma la Chitaganya la Godfrey Huggins linasankha Kariba mu 1955, ndipo mu 1956 World Bank inabwereketsa madola 80 miliyoni, ngongole imene inali isanaperekepo yaikulu chotero. Za kwathu kuno, zopukusa magetsi pa Shire, anaziika kaye pambali. Nkula anadzayamba kugwira ntchito mu 1966, Chitaganya chitafa kale.

M'gulu lathu munali bambo wina wa Chitonga, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Musasokoneze ndi Atonga athu a ku Nkhata Bay. Awa ndi Atonga a m'chigwa cha Gwembe, eni ake Zambezi. Iye anali wochokera m'dera la mfumu Chipepo, kutsidya la kumpoto, ndipo anabwera kudzafuna ya msonkho ngati ine. Poyamba tinkalankhulana Chilapalapa, kenaka tinapeza kuti mawu ambiri ndi amodzimodzi. Munda kwawonso ndi munda, mizimu kwawonso ndi mizimu. Dzina lake ndilisunga mumtima, chifukwa ana ake alipo ndipo sindinawapemphe. Ndi amene anandiphunzitsa kumanga nsanza m'manja kuti simenti isandidye zala, ndipo ndinkamutchula kuti achimwene.

Achimwene amenewa akayamba kukamba za kwawo, phoso linkazizira m'mbale. Ankati chaka ndi chaka Zambezi inkadzaza cha m'Malichi ndi Epulo, mvula ikupita kumapeto, n'kusefukira m'mbali. Ikamaphwa inkasiya dothi lakuda lofewa, ndipo anthu ankatsata madziwo ndi khasu, madzi akabwerera phazi limodzi iwo n'kubzala phazi limodzi. Dimba la pagombe penipeni ankalitcha jelele, la pachidikha chofikako madzi osefukira ankalitcha kuti. M'menemo munkatuluka chimanga chachiwisi mwezi umene kwina konse kunali fumbi, maungu, nyemba, mbatata, ndi fodya wamphamvu amene ankamuumba mitanda n'kukagulitsa kumtunda. Mapira ndi mchewere ankalima m'minda ya mvula chakumtunda. Ndiye kuti ankakolola kawiri pa chaka, ndipo dothi la m'mbali mwa mtsinjelo silinkatopa chifukwa madzi ankalithira chonde chatsopano. Sikuti kunali kopanda njala. Iye mwini ankanena kuti chigwacho n'chouma, ndipo zaka zina anthu ankapulumukira zipatso ndi mizu ya kutchire. Koma ankadziwa mtengo uliwonse wodyedwa ndi muzu uliwonse wofunika kuuviika kaye, chifukwa anabadwira momwemo.

Apa mvetsetsani, inu atsikana makamaka. Atonga aja amatsata kuchikazi ngati ife. Madimba a m'mbali mwa mtsinje ankayenda m'mbumba, ndipo mkazi ankakhala ndi dimba lakelake, ndi nkhokwe yakeyake. Ukwati ukatha, dimbalo silinkatha. Mayi ake a mnzangayo anali ndi jelele imene analandira kwa amayi awo, ndipo fodya amene iye ankandigawira madzulo ankachokera m'menemo. Ine ndinasutapo fodya wa m'dimba limenelo, kenaka m'mawa mwake n'kukathira konkire yoti idzalimize. Tonse awiri tinkathira. Iye sankakhulupirira kuti madzi angakwere mpaka kwawo, ulendo wa masiku angapo pa mapazi. Ankati, achimwene, munthu angatseke Zambezi ngati ngalande ya m'dimba?

Kumayambiriro kwa 1958 zinaoneka ngati wanena zoona. Chaka cha 1957 kunali kutabwera kale chigumula chachikulu ife tisanafike, koma cha 1958 chinaposa. Madzi anakwera masiku otsatizana, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Analowa mumpanda wozungulira wa konkire uja unkatchinga mtsinje kuti tizigwira ntchito pouma. Anakokolola mlatho wa magalimoto, ndipo mlatho wa zingwe wa anthu oyenda pansi unapotokola ngati luzi n'kuduka. Kukomboni anthu ankangoti ndi Nyaminyami, mzimu wa mumtsinje uja amati mutu wake ndi wa nsomba thupi la njoka, wakwiya poti khoma lamulekanitsa ndi mkazi wake. Ambiri anamanga akatundu n'kuthawa. Madzi ataphwa mainjiniya anawerenganso masamu awo, n'kuonjezera zitseko zotayira madzi kuchoka pa zinayi kufika pa zisanu ndi chimodzi, ntchito n'kupitirira. Chimene chinandikhala m'mutu n'chakuti mtsinje utalankhula anaumvera, mapulani n'kusintha. Anthu a m'chigwa anali akulankhula kuyambira 1955, ndipo Harry Nkumbula wa chipani cha Congress cha kumpotoko analemba dandaulo lawo mpaka kwa Mfumukazi ku England, koma pa khomalo sipanasinthe chilichonse.

Anthu oti asamuke anali 57,000, pafupifupi 34,000 kutsidya la kumpoto ndi 23,000 kutsidya la kummwera. Sanafunsidwe ngati damu limangidwe. Anauzidwa litagamulidwa kale. Ma DC ndi amesenjala ankayenda m'midzi kuwerenga nyumba ndi mitu ya anthu. Kumpoto kunaperekedwako kachipepeso ka ndalama, kummwera anthu anangolandira chakudya ndi kuwakhululukira msonkho kwa kanthawi. Koma nyumba ya mitengo ndi dothi munthu amamanga sabata ziwiri. Chimene chinkamira chinali dothi lobereka kawiri pa chaka, manda, ndi malo opempherera mvula amene iwo amati malende. Zimenezo m'kaundula munalibe mzere wake. Ndipo malo abwino osamukirako anali ochepa, chifukwa kuseri kwa chigwacho ndi miyala, zitunda ndi nkhalango za kashembe.

Kwa anthu a mfumu Chipepo malo apafupi anaperewera. Boma linati anthu 6,000 apite ku Lusitu, kumunsi kwa damu, ulendo wa makilomita pafupifupi 160, dziko la eni ake a mtundu wa Goba. Anthu anakana. Mnzanga uja anapempha tchuthi mwezi wa Ogasiti n'kupita kwawo, ndipo sanabwerenso kuntchito.

Zimene zinachitika pamudzi wa Chisamu tinazimva kukomboni patapita masiku ochepa, monong'onezana, ndipo iye anadzandifotokozera bwinobwino patapita zaka. Amuna a midzi yozungulira anasonkhana pamenepo ndi mikondo, nkhwangwa ndi zibonga, n'kumagona pomwepo. Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia, Sir Arthur Benson, anabwera yekha atavala zovala zake zaulemu, ali ndi gulu la apolisi ndi oimba malipenga. Ankayesa kuti anthu akaona ulemerero umenewo agonja. Anthu sanasunthe. Pa 10 Sepitembala 1958 apolisi anayandikira, amuna aja anathamangira kutsogolo ndi mikondo yawo, mfuti zinalira. Anafa anthu 8, ovulala anapitirira 30. Iye anati chimene sanachiiwale ndi bata limene linagwa mfuti zitaleka, kenaka kulira kwa amayi kuchokera m'mapira. Anati ambiri ankakhulupirira mpaka tsiku limenelo kuti nkhani ya madzi ndi bodza, azungu akungofuna dothi lawo kuti atsegule mafamu, poti zotero zinali zitachitika kale kumtunda, m'mbali mwa njanji. Munthu amene anaberedwapo ndi bodza, tsiku lomuuza zoona amakananso.

Zitatero anthu anakwera malole. Mayi ake a mnzangayo, asanakwere, anathira mowa pakhomo la nyumba n'kuitana mizimu ya kwawo mmodzimmodzi ndi maina, kuiuza kuti tikupita, tiyeni, musatsale. Anatenga mbewu, mphika, mtondo ndi nkhuku. Midzi ina inatenthedwa anthu atangochoka kuti asabwerere. Mu Disembala 1958 ife tinatseka mpata wotsiriza wa khoma, madzi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

Za ife antchito ndingodutsamo. Mu Febuluwale 1959 nsanja inagumuka, anthu 17 n'kugwera m'dzenje lakuya, akuda 14 ndi Ataliyana atatu. Tinanyanyala ntchito, asilikali anabwera, ndipo ambiri a ku Nyasaland anabwerera kwawo. Masiku omwewo, pa 3 Malichi, kuno kwathu kunagwa lamulo la chipwirikiti, Dr Banda n'kutengedwa kupita kundende ya Gwelo. Onse amene anafa pomanga damulo akuti ndi 86, ndipo Ataliyana anamanga tchalitchi chozungulira cha St Barbara pamwamba pa phiri chowakumbukira. Khoma linatha lotalika mamita 128. Pa 17 Meyi 1960 mayi ake a Mfumukazi Elizabeth anabwera kudzatsegula, ndipo madzi anadzaza mu 1963. Nyanja imene inabadwa pamenepo ndi yaitali kupitirira makilomita 200, ndipo boma lathu lonse la Dedza lingamiremo malo n'kutsala.

Madzi asanafike, malo ena anawalambula kuti maukonde asadzakodwe m'mitengo. Ankamanga mipira yachitsulo yoposa msinkhu wa munthu pa matcheni a sitima za pamadzi, akatapila awiri n'kumakoka uku ndi uku. Mitengo imene inaona mibadwo inkagwa ngati mapesi. Pamene madzi ankakwera, nyama zinatsekeredwa pa zitunda zimene zinasanduka zilumba. Mlonda wa nyama wina, Rupert Fothergill, ndi anthu ake anayamba kuzipulumutsa pa mabwato, ntchito imene anaitcha Operation Noah. Anaolotsa nyama zoposa 6,000, agwape, nguluwe, mbawala, ngakhale zipembere. Amayi a kunja ankatumiza masokosi awo a nayiloni kuti apotere zingwe zofewa zomangira nyamazo miyendo zisachekeke. Ntchito imeneyo inali yabwino, ndipo anyamata akuda amene ankalowa m'madzi a ng'ona kukagwira nyamazo anali olimba mtima. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lonse linaona zithunzi za gwape ali m'manja mwa munthu, pamene za ana amene ankafa ku Lusitu miyezi yomweyo anazimva ndi ochepa.

Ine sindinabwerere kuno msanga, ndinatsala pang'ono kukhala mtchona. Ndinapeza ntchito yothandiza dalaivala pa lole yoyenda pakati pa Salisbury ndi Lusaka, kudzera pa mlatho wa Chirundu. Lusitu sali patali ndi msewu umenewo. Mu 1964, lole itafa pafupi ndi pamenepo tikudikira chitsulo, ndinapempha masiku awiri n'kuyamba kufunsa mudzi ndi mudzi, poti midzi inasamuka ndi maina ake. Mnzanga uja ndinamupeza.

Tinakumbatirana ngati ana. Anandiphera nkhuku, ngakhale ndinaona kuti khola lake linali la nkhuku zitatu. Atatha kudya ananditengera kuseri kwa mudzi n'kundionetsa kamtumbira. Anali mwana wake wamkazi, amene anafa ndi kamwazi miyezi yoyambirira atangofika, nthawi imene anthu ankamwa madzi a m'zitsime zokumba mofulumira. Anati chaka chotsatira kunabweranso nthenda ina yosadziwika imene inkatenga amayi ndi ana mwadzidzidzi, ena n'kumati ndi ndiwo zakutchire zimene amayi ankathyola poziyesa zakwawo zija, ena n'kumati dziko la eni lawakana. Poika maliro ankayamba apempha kwa eni nthaka. Ng'oma zawo za maliro ndi malipenga a nyanga aja amati nyele anabwera nazo, koma anati poyamba ankaziimba ndi mantha, ngati munthu wotsokomola m'nyumba ya apongozi.

Kenaka ananditengera kumunda. Dothi louma, lolimba, lodalira mvula yokha, kukolola kamodzi. Eni dziko aja nawo anali atapanikizika, chifukwa malo amene ankasiya kuti agonere tsopano anali ndi alendo zikwizikwi, ndipo milandu ya malire ndi ya mbuzi zolowa m'minda sinkatha. Palibe amene anali woipa pamenepo, Mgoba kapena Mtonga. Anthu awiri anapatsidwa mphasa ya munthu mmodzi.

Mayi ake ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akusenda nthudza. Kwawo kuja anali mwini dimba, mwini nkhokwe, munthu amene akamwini ankamuopa. Kuno munda uliwonse unali mphanje yoswa ndi nkhwangwa, ndipo mwambo unkati munda ndi wa amene wagwetsa mitengo. Ogwetsa mitengo anali amuna. Chipepeso nachonso kawirikawiri chinkafikira m'manja mwa mwamuna, mwini khomo. Motero amayi amene anakwera lole ali eni nthaka anatsika ali olima m'minda ya amuna awo kapena ya ana awo. Palibe lamulo limene linalembedwa lowalanda. Zinangochitika chifukwa owerenga aja sanafunse kuti dimba ili ndi la yani. Patapita zaka zambiri amalume anu aphunzitsi anandiwerengera zimene analemba mayi wina wa ku America, Elizabeth Colson, amene pamodzi ndi mnzake Thayer Scudder anayamba kukhala pakati pa anthu amenewa mu 1956 n'kumawatsatira moyo wawo wonse. Zimene analemba za amayiwo ndi zomwe ndinaziona pansi pa mtengo uja. Gogoyo anandifunsa funso limodzi lokha atamva kuti ndinkagwira ntchito pa khoma. Anati, mwananga, iwe unaona, madziwo ndi akuya bwanji pamene panali kwathu? Ndinalephera kuyankha.

Pafupi pomwepo pali chitunda chotchedwa Ingombe Ilede, kutanthauza ng'ombe yogona. Mu 1960, pokumba maziko a thanki ya madzi a anthu osamutsidwawo, anapeza manda akalekale, anthu oikidwa ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya kopa, amalonda a zaka mazana angapo zapitazo. Akatswiri anabwera, anafukula mosamala ndi timaburashi, n'kukasunga zinthuzo kunyumba yosungira zakale ku Livingstone. Mnzangayo anandionetsa chitundacho n'kunena kuti, awa anawanyamula bwino, agogo anga ali pansi pa madzi.

Sindingakunamizeni kuti zonse zinali zoipa. Zaka zoyambirira nyanja itangodzaza nsomba zinaswana kwambiri, ndipo Atonga ena anaphunzira maukonde, anapeza ndalama, anagula ng'ombe, makasu a ng'ombe ndi njinga. Masukulu ndi zipatala zinafika kumene kunalibe. Migodi inapeza mphamvu zake, ndipo mpaka lero Zambia ndi Zimbabwe zimadalira khoma limenelo. Koma nsomba zija zinadzachepa. Kapenta, amene anamubweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika cha m'ma 1967, amagwidwa usiku ndi maboti a injini ndi nyali zamphamvu, ndipo ogula zimenezo anali anthu a ndalama ochokera kutali. Abale amene kale ankaolokerana pa bwato kukalira maliro kapena kukafunsira mbeta analekanitsidwa ndi nyanja, kenaka Chitaganya chitatha mu 1963 analekanitsidwanso ndi malire a maiko. Mlongo wake wa mnzangayo anakwatiwa kutsidya la kummwera, anasamutsidwira cha ku Binga, ndipo sanaonanenso. Usiku umene ndinagona kwake tinaunikira moto wa nkhuni. Mawaya akuluakulu ochokera ku Kariba ankadutsa m'mwamba kulunjika ku Kitwe, ndipo midzi yambiri ya anthu amene anapereka dziko lawo inakhala zaka makumimakumi osaona babu.

M'mawa pondiperekeza anapepesa kuti alibe fodya wondipatsa.

Chaka cha 2024 munamva pa wailesi kuti chilala chinaphwetsa nyanja ya Kariba mpaka makina anatsala pang'ono kuima, anthu ku Lusaka n'kumakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Kuno nako munaona mdima umene unagwa namondwe Ana atagumula Kapichira mu 2022. N'chifukwa chake maso onse tsopano ali pa dzuwa, ndipo nzeru imeneyo ine ndikuivomereza. Koma magalasi aja sawayala pa phiri la miyala. Amafuna malo athyathyathya, opanda mthunzi, oyandikana ndi msewu ndi mawaya. Malo otero kuno kwathu ndi omwe anthu amalima. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Alendo a mawawo sadzabwera ndi mfuti, ndipo mwina ndi ana abwino, ophunzira, ofunira dziko zabwino. A ku Kariba aja nawonso ambiri sanali anthu ankhanza, anali anthu achangu. Iwo adzabwera ndi pepala la mahekitala ndi maina a eni minda. Iwe ukalitenge pepalalo, ukaliwerenge mokweza pabwalo, dzina ndi dzina, kuti amayi amve ngati alembedwa ndi iwo kapena alembedwa ndi akamwini. Pamalo pajapo pali anthu amene salima koma amadyapo. Ng'ombe za mudzi uno zimadutsa pomwepo popita kudambo, amayi amatola nkhuni ndi kufula bowa m'katchire kaja, ndipo njira ya kumanda imadula pakati. Mpanda wa waya ukazungulira, maliro azidzayenda njira iti? Alipo obwereka minda chaka ndi chaka amene dzina lawo silingapezeke pa pepala lililonse. Ukafunsenso ngati akugula kapena akubwereka, zaka zingati, ndipo zakazo zikadzatha nthaka idzabwerera kwa yani. Akakatchula ndalama, iwe ukatchule nthaka, chifukwa ndalama ya munda ndinaiona ikutha pa njinga imodzi ndi maliro amodzi. Malo amene angakulozereni m'malo mwake mukawaone ndi maso, mukakumbe ndi khasu, mukalawe madzi a pachitsime chake, ndipo mukamve kwa amene akukhalapo kale ngati avomera. Za waya wobwera m'mudzi muno, kusukulu ndi kuchipatala, zikalembedwe pa pepala lomwelo, amfumu asanadinde chala.

Akakakuuzani kuti nthawi yatha, ndalama za ngongole zikudikira, usakachite nazo mantha. Ku Kariba anasintha mapulani a khoma chifukwa cha madzi a mwezi umodzi.

Moto wazilala, kagoneni. Koma iwe, m'mawa usanapite kubwalo udzere kwa mayi ako aakulu. Munda umene anthu aja anakhomamo chikhomo chofiira ndi wawo, anawasiyira ndi agogo anu aakazi, ndipo chimwalirire amuna awo sapitanso kumisonkhano. Ukawauze kuti ndawaitana ine. Unditengerenso kampando kanga kaja ndi ndodo, ndikakhala nawo kutsogolo.